Buku la 1984 ndi 1984 ya kuno kwathu: mlembi uja analasa kapena anaphonya?

WaChilomoni96 walemba:

Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Mwezi watha ndinausa mvula pakhonde la sitolo ina mu Victoria Avenue, pomwe anyamata amayala mabuku akale pansi paja. Pamulupo panali kabuku kothothoka chikuto, dzina la mwini wake woyamba atalifufuta ndi bolopeni. Kanali Nineteen Eighty-Four ka George Orwell. Dzinalo ndinkangolimva anthu akamakangana za ndale pa Facebook, ndiye ndinati leroli ndidzionere ndekha. Mnyamatayo anayambira K4,000, tinathera pa K2,500. Ndawerenga milungu itatu, kwambiri usiku magetsi akazima, ndi tochi ya foni.

Kwa amene simunaliwerenge: linatuluka mu June 1949, mlembi wake akudwala TB, ndipo anamwalira mu January 1950. Ankayerekeza mmene dziko lidzakhalire patapita zaka 35. Nkhani ikuchitikira ku London. Kuli chipani chimodzi, ndipo nkhope ya mtsogoleri wake, Big Brother, ili pakhoma lililonse. M'nyumba muli kanema wosatheka kuzimitsa, iwe ukumuonera nayenso akukuonera ndi kukumvera. Mwini nkhani, Winston Smith, ntchito yake ndi kusintha nyuzipepala zakale kuti zigwirizane ndi zomwe chipani chikunena lero. Munthu akasowa, dzina lake amalichotsa paliponse, zikhale ngati sanabadwe. Kumapeto Winston amugwira, amuzunza mpaka apereka chibwenzi chake, ndipo buku likutha iye akukonda Big Brother ndi mtima wonse. Ndinagona mochedwa tsiku limenelo.

Ine ndinabadwa 1996, Kamuzu ndimamuonera pa K1,000 basi. Ndiye Lamlungu lapitali titaweruka ku tchalitchi ndinawafotokozera bambo anga nkhani yonse. Iwo mu 1984 ankasoka zovala pakhonde ku Limbe. Nditafika pa za kanema uja anaseka mpaka kutsokomola. Amvekere: "Kanema? Ife 1984 kanema tinkangomumvera kwa obwera ku Joni." Ndipotu ndi zoona, TVM inayamba 1999. Kenako anati chimene chinkawaonera iwo chinali cha miyendo iwiri, chinkabwera m'mamawa kudzapala moto, madzulo n'kukanena ku ofesi ya chipani zomwe chamva.

Koma chimene chandivutitsa ndi ichi. Ponena mawu amenewa bambo anatsitsa mawu, n'kuyang'ana kukhomo. M'nyumba mwawomwawo, chitseko chotseka, Kamuzu atamwalira kale mu 1997.

Chinanso, mkati mwa bukuli muli gawo lofotokoza mmene dziko lonse linagawidwira patatu. Kummwera kwa Africa kuli pansi pa Oceania, dziko la Big Brother lomwelo, kutanthauza kuti ifenso mwina tikanakhala momwemo. Mbali ina ya Africa, kuyambira ku Tangier kutsika mpaka Brazzaville, angoitchula ngati malo olimbirana, kokatapako anthu ogwira ntchito yakalavulagaga. Palibe pomwe akuonetsa dziko la anthu akuda lodzilamulira lokha. Sizinamubwerere m'mutu kuti Big Brother angakhale dokotala wa ku Kasungu wovala suti ndi chipewa, litchowa lili m'manja.

Funso langa ndi lakuti, inu amene munalipo, mzungu ameneyu analasa kapena anaphonya? Bambo akuti anaphonya. Koma mmene anayang'anira kukhomo muja, ine ndikuona ngati analasa.

Mphunzitsi_Wopuma_Soche wayankha:

Mwanangu, bambo akowo akunena zoona, ndipo iwenso ukunena zoona. Ine mu 1984 ndinkaphunzitsa Sitandade 7 pasukulu ina ku Ndirande. Bukuli ndinaliwerenga mochedwa, matipate atabwera kale, ndipo masamba ena ndinkachita kuliika pansi kaye.

Pomwe analasa kwenikweni ndi pa kufufuta mayina. Tinkaphunzitsa ana kuti Ngwazi inafika pa Chileka pa 6 July 1958, kuti inamangidwa pa 3 March 1959 n'kukatsekeredwa ku Gwelo, kuti inaphwanya chitaganya. Mwana wochenjera ankafunsa kuti, kodi madamu, anamuitana ndani? Yankho linali lakuti anthu ake. Ukanayerekeza kutchula Masauko Chipembere kapena Kanyama Chiume, anyamata omwe anamuitanadi, tsiku lomwelo choko ukanachisiya. Chichokereni kusamvana kwa nduna mu 1964, anthu amenewa analibenso mayina, onse ankangotchedwa zigawenga. Chipembere anamwalira ku America mu 1975, ife tikumva monong'onezana. Lero ukakwera minibasi ya ku Limbe umadutsa mu msewu wa dzina lake, womwe nthawi imeneyo unali Kamuzu Highway. Ndipo usaganize kuti kufufutaku kunathera pomwepo. Itafika 1994 dzina la Kamuzu nalo linachotsedwa pa sitediyamu, inakhala Chichiri Stadium, Bingu atalowa n'kulibwezeretsa. Aliyense akalowa amabwera ndi chofufutira chake.

Za Mwanza uyenera kuti unamvapo. Mu May 1983 a Dick Matenje, a Aaron Gadama, a Twaibu Sangala ndi a David Chiwanga, nduna zitatu ndi phungu mmodzi, anapezeka atafa ku Thambani. Ife tinauzidwa kuti inali ngozi ya galimoto. Mu sitafurumu tinali aphunzitsi oposa khumi, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anakhulupirira, komanso palibe ndi mmodzi yemwe amene anatsegula pakamwa. Tinangomwa tiyi. Zoona zake zinadzatuluka poyera bungwe lofufuza litakhazikitsidwa mu 1994, kuti anachita kuphedwa, ngakhale mlandu utapita kukhoti Kamuzu ndi anzake anapezeka osalakwa mu December 1995. Apa pali kusiyana kwakukulu ndi buku lako. M'bukumo chipani chimafuna kuti ukhulupirire bodzalo mpaka mumtima. Kwathu kuno zamumtima analibe nazo ntchito. Bola wavala nsalu ya nkhope yake, wavina, waombera m'manja, pakamwa watseka. Ine ndinavinapo nawo ngati mbumba pa sitediyamu, dzuwa lili pamutu kuyambira m'mawa, ndipo sindinganame, nyimbo zina zinkakoma. Madzulo tikabwerera tinkatseka chitseko n'kumaseka ndi amuna anga za zomwe taona. Amayi anga ankangoti, ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakutsata.

Tsono pomwe anaphonya kotheratu. M'bukumo anthu wamba, omwe akuti ndi 85 pa 100 alionse, chipani sichilimbana nawo. Chimawasiya amwe mowa, atchove lotale, aimbe nyimbo zawo. Ovutika ndi ophunzira a m'maofesi. Kuno wosauka ndiye ankaona zakuda. Ayufi a malaya ofiira ankaima pachipata cha msika wa Ndirande ndi pamalo okwerera basi, wopanda khadi la chipani salowa, sakwera. Mayi woyembekezera ankamuuza kuti agulirenso amene ali m'mimbayo. A Mboni za Yehova, chifukwa chokana khadi lomwelo, analetsedwa mu 1967, ndipo mu 1972 zikwizikwi anathawira ku Zambia ndi ku Mozambique, nyumba zawo zitatenthedwa. Amenewa sanali anthu a m'maofesi, anali alimi ndi ogulitsa tomato.

Chinanso ndi chilankhulo. Orwell ankaganiza kuti boma likamachepetsa mawu, anthu adzalephera ngakhale kuganiza zoukira. Ife anatichepetseradi, Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi mu 1968, chaka chomwecho kunabwera lamulo lopimira mabuku ndi mafilimu, 1973 n'kubweranso loletsa amayi kuvala mathalauzi ndi masiketi aafupi. Koma mtundu wa miyambi ndi mikuluwiko sungauthere mawu. Anthu anangophunzira kuphiphiritsa. Jack Mapanje anadzaza ndakatulo zake ndi abilimankhwe, ndipo aliyense wowerenga ankadziwa amene akunenedwa. N'chifukwa chake anamugwira mu September 1987 n'kukamusunga ku Mikuyu mpaka 1991 osamuzenga mlandu.

Za kuyang'ana kukhomo, usawaseke bambo ako. Inenso ndikulemba izi ndafufuta kawiri.

Ras_Makata wayankha:

Amayi, ulemu wanu, mwafotokoza bwino. Koma mani WaChilomoni, iwe wagula buku lolakwika. Ukafuna mlembi amene analosera n'kulasa pakati penipeni, bwerera pakhonde pomwepo ukafunse A Man of the People la Chinua Achebe. Ife tinaliwerenga kusekondale. Limatha asilikali atalanda boma. Linatuluka mu January 1966, ndipo pa 15 January 1966 asilikali a ku Nigeria analandadi boma, nduna yaikulu Abubakar Tafawa Balewa n'kuphedwa. Osati kudikira zaka 35 ayi, mwezi womwewo. Mpaka ena anayamba kumukayikira Achebe kuti ankadziwa chiwembucho.

Koma ngakhale iyeyo anangoona khomo, za kuchipinda sanazione. M'bukumo asilikali akubwera ngati mathero a nkhani, mbava zagwidwa, basi. Zenizeni chinali chiyambi chabe: July chaka chomwecho asilikali ena analandanso, 1967 nkhondo ya Biafra inabuka mpaka 1970, ndipo Nigeria inakhala ikulowa ndi kutuluka m'manja mwa asilikali mpaka 1999.

Chimene ndimalikondera ine ndi Chief Nanga. Nduna yoseka ndi aliyense, yogawa ndalama pamsonkhano, yomanga nyumba zosanjikiza ndi ndalama zosadziwika kochokera, anthu akumudzi n'kumati musiyeni adye, ndi nthawi yake, mwina mawa adya mwana wathu. Ndiuzeni ngati simunamuonepo munthu ameneyu pa maliro ku Ndirande kuno, atabwera ndi bokosi ndi matumba awiri a ufa chisankho chikayandikira. Big Brother wanuyo anatha 1994. Nanga ndiye tili naye, Cashgate ya 2013 ndi ana ake.

Koma za asilikali, kwathu kuno Achebe akanaphonya. December 1993 asilikali anathira nkhondo apayoniya pa Operation Bwezani, kuwalanda mfuti, ena kuthawira ku Mozambique. Mpando unali poyera, Kamuzu atangochitidwa opaleshoni ya m'mutu ku Johannesburg. Anabwerera ku balakisi. April 2012 Bingu atamwalira, anthu ena akuzungulirazungulira, asilikali anaima pa malamulo, Joyce Banda n'kulumbira pa 7 April. Wolemba nkhani yopeka akanati alembe zimenezi, owerenga akanati wanama, asilikali a mu Africa satero.

AnganiZiii wayankha:

Inu mukuyerekeza Kamuzu ndi chilombo cha m'buku la mzungu, koma mukuiwala kuti mu 1959 ndi mzungu mnzake, jaji Devlin, amene analemba kuti Nyasaland yasanduka dziko lolamulidwa ndi apolisi. Kumanga anthu osawazenga mlandu Kamuzu anakupeza, sanakuyambitse. Ndipo chaka chomwe bukulo linkatuluka, 1949, kuno anthu ankafa ndi njala, Blantyre yomwe ino, pansi pa boma la dziko la kwawo kwa Orwell. Agogo anga ankaisimba njala imeneyo mpaka tsiku lomwalira. Nthawi ya Kamuzu ku ADMARC chimanga chinkapezeka, misewu inalibe maenje, wakuba ankaopa. Lero tili pa mzere wa mafuta. Musamangoona mbali imodzi.

Kompyuta_Ginnery wayankha:

Achimwene AnganiZiii, za Devlin mwanena zoona, koma kupeza chikwapu pakhomo sikukukakamiza kukwapula nacho ana zaka 30.

Ine ndikufuna ndibwerere pa kanema uja bambo anaseka. Orwell sanaphonye chinthucho, anaphonya chaka ndi wolipira. Iye ankaganiza kuti boma lidzachita kukhomera kanemayo pakhoma mokakamiza. Ife tinakagula tokha ku Limbe, ena pangongole, ndipo tsiku lililonse timamugulira bandulo. Ali ndi kamera kutsogolo ndi kumbuyo, amadziwa komwe wagona. Kuyambira 2018 simu khadi iliyonse inalembetsedwa ndi chiphaso, ndiye nambala yako ndi dzina lako ndi chinthu chimodzi. Lamulo la 2016 la zochitika pa intaneti lamangitsapo kale anthu chifukwa cha zolemba pa Facebook ndi pa WhatsApp. Woyandikana naye wodzapala moto uja masiku ano ali mu gulupu, ntchito yake ndi screenshot.

Koma foni yomweyo imaonanso mbali inayo, ndipo apa ndi pomwe bukuli silinafike. Ntchito ya Winston, yofufuta nambala n'kulembapo ina, tinaiona ndi maso pa chisankho cha 21 May 2019, mapepala a zotsatira atapakidwa Tippex. M'bukumo pepala loyambalo amaliponya m'kabowo, likapsa, nkhani yatha. Kuno mapepalawo anali atajambulidwa kale, akuzungulira m'mafoni, ena ali m'manja mwa mamonita. Ndiye pa 3 February 2020 majaji asanu anawerenga chigamulo kuyambira m'mawa mpaka usiku, ife pa shopu tinasiya ntchito tili pa wailesi, ndipo chisankho chinafafanizidwa, n'kubwerezedwa pa 23 June. M'dziko la Big Brother mulibe khoti lotere, mulibe ngakhale lamulo loti uphwanye, amangokutenga.

WaChilomoni96 wayankha:

Zikomo nonse. A Ras, la Achebe ndikalifufuza Loweruka.

Amayi a ku Soche, ndili ndi funso lina kwa inu. Buku likutha popanda chiyembekezo ngakhale pang'ono, yemwe ankamuzunza Winston amamuuza kuti chipani chidzalamulira mpaka kalekale. Inuyo mu 1984 munkaganiza kuti zidzatha? Kapena munkaona ngati Winston?

Mphunzitsi_Wopuma_Soche wayankha:

Sitinkaganiza kuti zidzatha, mwanangu. Munthu anali pulezidenti wamuyaya kuyambira 1971, ndipo mawu akuti wamuyaya tinkawatchula tsiku lililonse mpaka tinaiwala kuti ndi munthu woti adzakalamba. Kungofunsa kuti akadzamwalira adzalowe ndani unali mlandu. Chaka cha 1984 chomwecho a Orton Chirwa ndi mayi Vera Chirwa anali m'ndende atagamulidwa kuti aphedwe, ndipo chilangocho chitasinthidwa kukhala ndende moyo wonse, tinauzidwa kuti tithokoze chifundo cha Ngwazi. A Orton anafera ku ndende ya Zomba mu October 1992.

Mmene zinathera ndi zomwe palibe mlembi akanalota. Kunalibe mfuti, kunalibe gulu lachinsinsi ngati lomwe Winston ankafunafuna. Inali kalata. Lamlungu pa 8 March 1992, Lenti itangoyamba, m'matchalitchi onse a Katolika anawerenga kalata ya maepiskopi. Ine ndine wa CCAP, koma mnzanga wina wa ku Limbe Cathedral anandibweretsera atabisa m'thumba la ufa. Munalibe mawu achipongwe. Munali zoti malipiro ndi ochepa, zipatala zilibe mankhwala, anthu akumangidwa popanda mlandu, anthu akuopa kulankhula. Zonse tinkazidziwa kale, aliyense payekha. Chachilendo chinali kuzimva zikunenedwa mokweza, mnzako ali pambali pako akumvanso, iwe ukumuona kuti wamva. Boma linati kalatayo ndi youkira, kupezeka nayo ndi mlandu, maepiskopi anaitanidwa kupolisi, a John Roche, mmodzi mwa osayina kalatayo, anathamangitsidwa m'dziko, makina osindikizira ku Balaka anatenthedwa. Koma zinali zitatuluka kale. April a Chakufwa Chihana anatsika ndege n'kumangidwa pabwalo pomwepo. May ogwira ntchito ku fakitale ya nsalu ya David Whitehead ananyanyala, mzinda uno unatekeseka, anthu anawomberedwa, ife tinatsekera ana m'kalasi tikumva mfuti. Mayiko otithandiza anaimika thandizo mwezi womwewo, ndipo tisadzinamize, zimenezi zinathandiza kwambiri, chifukwa nkhondo yosaomberana ya America ndi Russia inali itatha, Kamuzu analibenso ntchito kwa azungu. Pa 14 June 1993 tinaponya voti, nyali ya matipate kapena tambala wakuda wa chipani chimodzi, nyali inapambana ndi mavoti pafupifupi 63 pa 100 alionse. Pa 17 May 1994 chisankho, ndipo nkhalamba ija inalankhula pa wailesi kuvomereza kuti a Muluzi apambana. Ndinalira, ndipo mpaka lero sindidziwa kuti ndinkalirira chiyani.

A AnganiZiii, chimanga ku ADMARC chinalipodi, sindikukana. Koma chaka chomwe kunalibe, simukanachimva pa wailesi.

Tsono iwe WaChilomoni, ukuti buku likutha Winston akukonda Big Brother. Tatsegula kumapeto kwenikweni. Pali masamba ena owonjezera ofotokoza za chilankhulo cha chipani chija, Newspeak. Ambiri amawadumpha poganiza kuti ndi galamala chabe. Tawerenga bwino uone: alembedwa m'Chingerezi wamba, ndipo akukamba za chilankhulocho ngati chinthu chakale, kuti chinali chakuti, chinkayembekezeka kulowa m'malo mwa Chingerezi pofika 2050. Tsono wolemba masamba amenewo ali kuti, ndipo akulemba liti, ngati chipani chikulamulirabe? Owerenga ena amati Orwell anabisa dala pamenepo kuti ulamulirowo unadzagwa. Ena amati ayi, tikungodzitonthoza. Ine ndili mbali ya oyambawo, mwina chifukwa ndinauona wina ukugwa.

WaChilomoni96 wayankha:

Amayi, ndathamangira kukatenga bukulo. Langali likuthera pa Winston basi, kumbuyo kwake kwangotsala timizere ta mapepala ong'ambidwa pa ulusi. Masamba amenewo wina anakulungira mtedza kalekale. Mnyamata uja andibwezere K500.

Ngati lanu lili lonse, ndingabwere Loweruka ndidzajambule masambawo ndi foni? Ndikachoka kofuna la Achebe ndikwera ya ku Zingwangwa. Bambo akuti abwera nawo, akuti akufuna akuuzeni za mkulu wina wa chipani yemwe anasoketsa masuti atatu osalipira.